Dandaulo Lovinika la ku Singano

Oimba ambiri akamatulutsa chimbale amachifunira dzina lokopa, loti munthu akangoliona apise dzanja m'thumba asanamve n'komwe nyimbo yoyamba. Malemu Evison Matafale sadadzivute nazo zimenezo. Chimbale chake choyamba, chimene chidatuluka m'chaka cha 1999, adangochitcha Kuimba 1, ndipo chachiwiri, cha mu 2001, adachitcha Kuimba 2, monga munthu amene akuwerenga mitu ya buku lomwe akudziwa kuti likadali lalitali. Mutu wachitatu sadaufike. Komabe dzina lopanda zokometsera limeneli likutiuza kale kanthu za mwini wake: kwa iye kuimba kudali ntchito, monga kulima kapena kusinja, ntchito yoti ukaigwira lero mawa uidzukirenso, osati chovala cha pachikondwerero.

Ife a kuno kwa Chigaru, amene msika wathu ndi Lirangwe ndipo mumzinda wa Blantyre timalowa podzera pa Lunzu, nyimbo zimenezi sitidazilandire ngati mlendo. Mudzi wa Singano, kwawo kwa Matafale, uli ku Chileka, ndipo dzuwa lakumeneko ndi lathu lomweli, mvula yake yobwera mozengereza ndi yathu yomweyi, ndipo njinga za makala zimene zimakwera zitunda kulinga m'tauni mbandakucha zimachokera konsekonse. Mudziwo udali wodziwika ndi nyimbo iye asanabadwe. Ndi kwawo kwa Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, akatswiri a gitala ndi chitoliro cha kwela, amene katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nawo mu 1967 nayamba kulemba za luso lawo. Ndi kwawonso kwa Robert Fumulani wa Likhubula River Jazz Band, amene ana ake adadzaimba pamodzi ndi Matafale, mbale wawo, m'gulu la Black Missionaries. Choncho mnyamatayu sadagwe kuchokera kumwamba ngati matalala. Adaphuka pa chitsa chakale. Chimene adasintha n'chakuti adasiya kwela ndi jazi ya akuluakulu ake natola reggae ya ku Jamaica.

Kumaiko akunja, kumene kuli makampani akuluakulu a nyimbo, oimba amene amadzijambulira okha popanda kugonjera amalonda amatamandidwa kuti ndi odziimira paokha, ndipo owamvera amanyadira kuti akumva mawu osasefedwa. Kwathu kuno woimba wa nthawi imeneyo adali wodziimira payekha osati mwa kufuna kwake, koma chifukwa padalibe womuimirira. Matafale adajambula chimbale choyamba mothandizidwa ndi anyamata a Wailing Brothers, ndipo nyimbozo zidayenda monga zinkayendera nyimbo zonse masiku amenewo: pa kaseti yogulidwa m'sitolo za ku Limbe monga kwa O.G. Issa, pa wailesi ya MBC Radio 2 imene idali itangotsegulidwa mu 1997, ndipo koposa zonse m'minibasi, momwe munthu wochokera ku Mdeka kapena ku Zalewa ankamva chimbale chonse, mbali zonse ziwiri, asanafike m'tauni. Tikutchula zimenezi chifukwa kamvedwe ka nyimbo kamatengera malo amene waimvera. Nyimbo za Matafale tidazimva titapanikizana anayi pa mpando wa atatu, wina atanyamula nkhuku, wina akupita kukazonda wodwala kuchipatala, ndipo m'malo otero mawu onena za umphawi safuna womasulira.

Tisanafike pa mawu, tiyambe tamvetsera kulira kwa zoimbira. M'reggae ng'oma siigwa pamene phazi likuiyembekezera. Imayamba yasiya kampata, kenaka nkugwa mochedwa, ngati munthu amene wayamba wameza malovu asanayankhe. Gitala imangodula mwachidule ngati chikwakwa pa udzu, ndipo besi ndiyo imasenza katundu yense, ikuyenda pansipansi monga munthu wochokera kuchigayo ndi thumba pamutu, amene sathamanga komanso saima. Pamwamba pa zonsezi pali liwu la Matafale, liwu lopanda mafuta, losakuwa ndiponso losanyengerera, lokhala ngati la munthu amene wayenda ulendo wautali ndipo wayamba kufotokoza zimene waona panjira asanapatsidwe madzi akumwa. Ena amati liwu limeneli ndi lokwiya. Ife timamvamo kutopa kuposa mkwiyo, koma ndi kutopa kwa munthu amene sadataye mtima, amene akadakhulupirirabe kuti kumwamba kuli khutu.

Pali anthu amene amadabwa kuti nyimbo zodandaula chotere zimavinidwa bwanji pa ukwati ndi m'malo achisangalalo, ndipo amaona ngati ovinawo sakumva zimene zikunenedwa. Ife sitidabwa kwenikweni, pakuti tidakulira pafupi ndi mtondo. Mayi amene sakadatha kuyankha mwamuna wake kapena apongozi ake pamaso ankaika dandaulo lake m'nyimbo ya pamtondo, munsi ukukwera ndi kutsika, chiuno chikugwedezeka, mnzake akuvomera. Mudzi wonse unkamva, wolakwa ankadzidziwa, koma padalibe womuimba mlandu mayiyo popeza ankangosinja. Dandaulo ndi kuvina sizidayambe zadanapo pakati pathu. Ndiponso m'Malembo Oyera zili chimodzimodzi: mwa Masalimo 150 aja gawo lalikulu ndi madandaulo, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi malangizo kwa mtsogoleri wa oimba, kusonyeza kuti ankaimbidwa pagulu ndi zeze ndi pangwe, osati kung'ung'udzidwa m'chipinda. Zimbale ziwiri za Matafale zili m'banja limeneli. Ndi nyimbo za pamtondo zoimbidwa ndi mwamuna, mtondo wake uli dziko.

Dzikolo lidali lotani? Mu 1993 tidasankha zipani zambiri, mu 1994 tidasankha boma latsopano, ana adadzaza m'sukulu za pulaimale zitakhala zaulere, ndipo pakamwa padamasuka. Koma pofika 1999 chikondwerero chija chidali chitazilala. Kwacha idagwa mphamvu kwambiri mu 1998, mitengo ya zinthu idakwera, ntchito m'mafakitale zidayamba kusowa, ndipo Edzi idali ikutisonkhanitsa kumanda mlungu ndi mlungu. Anthu adali ndi ufulu wolankhula koma adalibe mawu okwanira kulongosola chimene chidawachitikira: wopondereza wakale adali atachoka, nanga bwanji mphika udali wopanda kanthu? Malemu Lucius Banda wa ku Balaka, amene adakulira mu Alleluya Band ya parishi yakumeneko, adali atatsegula kale njira ndi chimbale chake cha Son of a Poor Man mu 1994, ndipo iye ankaimba ngati woimirira amphawi pabwalo la milandu. Matafale, monga timamumvera ife, sadaime pabwalo. Adakhala pansi pamphasa pamodzi ndi odandaulawo, ndipo mmalo mopereka umboni adafunsa funso.

Funsolo ndi dzina la nyimbo yake imene ife timaiona kuti ndiyo mtima wa ntchito yake yonse, Olakwa Ndani. Nyimboyi imayang'ana masautso a osauka nifunsa za mwini mlandu, ndipo mphamvu yake ili pakuti womvera amatsala ndi funsolo m'manja. Tikadakonda kuti atiyankhire. Akadanena kuti ndi boma, tikadaomba m'manja nkupita kukagona. Akadanena kuti ndi ulesi wa amphawi eni ake, okhuta akadagula makaseti awiriawiri. Koma funso losiyidwa poyera limayendayenda m'nyumba ngati utsi, ndipo limalowa m'maso mwa aliyense. Mnyamata wa kwathu kuno akagwetsa mtengo womaliza pa chulu kuti awotche makala, wolakwa ndi iye, kapena wa m'tauni amene akudikira makalawo, kapena amene adalephera kufikitsa magetsi otsika mtengo m'nyumba za m'tauni, kapena ife amene tidamuona akusiya sukulu nkungoti ndi nkhani ya kwa eni? Aliyense wa amenewa ali ndi chodzikanira chomveka ndithu, ndipo mtengo wagwabe.

Akristu funso limeneli tikulidziwa, pakuti lili pa mutu 9 wa Mthenga Wabwino wa Yohane. Ophunzira ataona munthu amene adabadwa wakhungu adafuna kudziwa ngati tchimo lidali lake kapena la makolo ake. Lidali funso la anthu opembedza, koma lidalinso funso la anthu odutsa, ofuna kutseka nkhani kuti apitirize ulendo. Ambuye Yezu adakana mayankho onse awiri, adawerama, nakanda thope, namupaka m'maso munthu uja. Apa ndiye pali kusiyana kumene tiyenera kukumvetsa bwino. Funso lofuna wolakwa lili ndi nkhope ziwiri. Likatuluka m'kamwa mwa munthu wodutsa, ndi njira yosambira m'manja. Likatuluka m'kamwa mwa wovutika mwini wake, monga Yobe atakhala paphulusa, ndi pemphero, ndipo Mulungu adalandira kudandaula kwa Yobe nakana nzeru za abwenzi ake amene adali ndi yankho la chilichonse. Matafale adafunsa ali paphulusa. Adali munthu wopanda chuma, wodwaladwala, ndipo n'chifukwa chake funso lake silimveka ngati la wophunzira wodutsa. Koma nyimbo ikachoka pakamwa pa mwini imapita kwa aliyense, ndipo funso lomwelo likhoza kuimbidwa mokweza m'galimoto yotseka mawindo, ikudutsa ana opemphetsa pamphambano. Nyimbo singadziteteze ku zimenezi.

Dzina la nyimbo ina, imene idamutchukitsa poyamba, ndi liwu limodzi lokha: Watsetsereka. Liwu limeneli ndi lofunika kulilawa. Kutsetsereka si kugwa. Wogwa amadziwa kuti wagwa, ndipo anthu amathamanga kukamudzutsa. Wotsetsereka amakhala akadali chiimire, akulankhula, mwina akuseka, koma nthaka ikumutenga pang'onopang'ono, ndipo amazindikira ali kale kumunsi. Amene adayendapo m'tinjira ta m'mbali mwa phiri la Michiru mvula itagwa akudziwa zimenezi m'mawondo mwake. Alaliki athu amakonda kunena za kugwa m'machimo, koma moyo wa ambiri a ife, ndiponso moyo wa dziko m'zaka zimene zija, udali wa kutsetsereka: kachiphuphu kochepa, kabodza kochepa, kangongole kochepa, palibe tsiku limene ungaloze nkunena kuti zidaonongeka apa.

Ndipo pali Yang'ana Nkhope, nyimbo imene imaitana munthu kuti aone kufanana kwake ndi mnzake. Pano Matafale wafika pa chiphunzitso chimene tidaphunzira pa katekisimu tili ana, cha pa mutu woyamba wa Genesis, chakuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Chodabwitsa si chiphunzitsocho, koma amene akuchinena. Masiku amenewo Mrasta adali munthu amene anthu ambiri opemphera sankamuyang'ana nkhope. Ankayang'ana tsitsi lake lopotana nkumaliza nkhani. Chichewa chathu chomwe chidawathandiza kunyoza, pakuti liwu loti chamba limatanthauza mtundu wa nyimbo komanso fodya wamkulu uja, ndipo nthabwala yake idali yosavuta kupeka. Ana a Marasta ankabwezedwa pa zipata za sukulu za boma chifukwa cha tsitsi, mpaka bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula mu 2023 kuti kutero n'kuphwanya malamulo a dziko. Tsono munthu wa gulu losayang'anidwa nkhope ndiye adapempha dziko lonse kuti liyang'ane nkhope, ndipo adatero popanda kupempha chifundo cha yekha. Nyimbo imeneyi ndiyo yofatsa kuposa zonse, ndipo mwina ndiyo yolasa kuposa zonse.

Sitikufuna kumubatiza Matafale atamwalira kale, ngati kuti adali Mkatolika wobisala. Sadali wotero, ndipo kumulemekeza ndiko kuvomereza kuti pali pamene tisiyana naye. Marasta amamupatsa Haile Selassie ulemu umene ife timausungira Kristu yekha, chonsecho mfumu ya ku Ethiopia ija, imene idachezera dziko lathu mu 1965 ndipo dzina lake lili pa msewu wina waukulu mu Blantyre, idali Mkristu wa mpingo wa Orthodox wakwawo. Tisiyananso naye pa nyimbo ya Time Mark, imene idamveka patangopita nthawi yochepa ndege zitagwetsa nyumba ziwiri zazitali ku New York pa 11 September 2001, ndipo imawerenga ngoziyo ngati chizindikiro cha nthawi zonenedwa ndi aneneri. Nyimboyi ili ndi mphamvu, ndipo idagwira anthu mtima chifukwa aliyense masiku amenewo ankafuna tanthauzo. Koma pano woimba uja, amene kwina adadziwa kusiya funso poyera, wafulumira kuyankha. Pa mutu 13 wa Luka akutiuza za nsanja ya ku Siloamu imene idagwera anthu 18, ndipo Ambuye adakana kuti imfa yawo isanduke umboni wa mlandu wawo. M'nyumba za ku New York zija mudali osesa, ophika ndi alonda, anthu a nkhope zofanana ndi zathu. Ife tikuganiza kuti Matafale wa Yang'ana Nkhope ndi wamkulu kuposa Matafale wa Time Mark, ngakhale kuti wachiwiriyu ndiye amene anthu amathamangira kumutcha mneneri.

Mneneri m'Malembo si wolosera zam'tsogolo kwenikweni. Amosi adali woweta nkhosa wa ku Tekowa amene adangoona miyeso yachinyengo pamsika nkulephera kukhala chete, ndipo wansembe wa ku Betele adamuuza kuti abwerere kwawo akadyere kumeneko. Ngati Matafale ali ndi gawo pa dzina limeneli, ndi pa njira imeneyi. Mu November 2001 adamangidwa chifukwa cha makalata amene adalemba odzudzula ulamuliro wa Pulezidenti Bakili Muluzi. Makalatawo adali aukali, ndipo sitikunena kuti liwu lililonse m'menemo lidali loyenera. Koma munthuyo adali wodwala kale. Adamutengera ku Lilongwe, ndipo pa 27 November adamwalira ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32. Chidalengezedwa n'chakuti adafa ndi chibayo. Anthu ambiri sadakhutire, ndipo kafukufuku amene adachitika pambuyo pake sadatonthoze mitima.

Ife Akatolika nkhani ya kalata tikuidziwa. Pa 8 March 1992 kalata ya Aepiskopi athu ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo idatchula poyera zimene aliyense ankanong'ona: malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, mantha olankhula. Aepiskopi adaitanidwa ndi apolisi, adaopsezedwa, ndipo Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Timakumbukira zimenezi monyadira, ndipo n'koyenera. Koma kumbuyo kwa Aepiskopi kudali Eklezia wa dziko lonse lapansi, akazembe ndi mawailesi akunja. Patapita zaka 9, mu ulamuliro wa ufulu umene kalata ija idathandiza kubweretsa, munthu wina adalemba makalata ake, ndipo kumbuyo kwake kudalibe kanthu koma makaseti awiri ndi anyamata a tsitsi lopotana. Kusiyana kumeneku kumatisautsa nthawi zonse tikamamvera Kuimba 2. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Patangopita miyezi itatu chimwalirire iye, mu February 2002, boma lidalengeza kuti m'dziko muli njala yoopsa, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa kale. Kuno kwathu anthu adadya madeya ndi mizu, ndipo funso la nyimbo ija lidafunsidwa pa maliro ambiri popanda gitala.

Imfa imasintha kamvedwe ka nyimbo, ndipo si nthawi zonse pamene imasinthira ku ubwino. Chiyambire 2001 n'kovuta kumva zimbale zimenezi osamvamo chitseko cha selo, ndipo pali chizolowezi chofufuza m'mawu ake onse zizindikiro zoti ankadziwiratu za imfa yake. Ife tikuona kuti kutero n'kumuchepetsa. Nyimbo zake sizinkanena za iye. Zinkanena za anthu amene ankakhala nawo, ndipo ambiri mwa iwo, kapena ana awo, akadali pomwepo. Kusandutsa Matafale chithunzi cha pa malaya n'kosavuta kuposa kukhala ndi funso lake usiku umodzi. Sitikuti nyimbozi ziimbidwe pa Misa. Zili ndi malo ake. Koma mphakati umene ungayese kumvera Olakwa Ndani utatha kuwerenga za wakhungu uja, tikukayika ngati makambirano ake angathe dzuwa lisanalowe.

Anzake sadalole kuti kuwerenga kuja kuime. A Black Missionaries adatulutsa Kuimba 3 napitiriza, poyamba motsogozedwa ndi Musamude Fumulani, amene naye adamwalira mu 2007, kenaka ndi mng'ono wake Anjiru, mpaka manambala adapitirira 10. Zimbale zam'mbuyozi zili ndi kukoma kwakekwake; muli nyimbo zambiri za chikondi ndi za banja, zoimbira zake n'zosalala, ndipo mkwiyo wake ndi wofewa. Sitikuwadzudzula nazo, pakuti amene waika abale ake m'manda motsatizana ali ndi ufulu woimba motsitsa. Koma ziwiri zoyamba zija zili ndi nkhambakamwa yakeyake, ngati ya munthu amene sadziwa kuti mawu ena sanenedwa pagulu.

Chaka ndi chaka, nyengo ya imfa yake ikafika, ku Chileka kumachitika mwambo wokumbukira Matafale ndi anzake amene adatsogola, ndipo anthu amachokera kutali, ena pa malole, ena wapansi. Ambiri mwa ovina kumeneko adabadwa iye atamwalira kale, kaseti sadaigwirepo, koma mawu onse ali nawo pamtima. Fumbi limakwera, ogulitsa chimanga chootcha ndi zakumwa amapeza yawo, ena amaledzera, ena amaima kumbuyo manja atapinda, milomo yokha ikuyenda. Ndi nyengo yotentha, minda ili yogalauzidwa kale, mbewu ili m'nyumba kudikira, ndipo ngakhale nyimbo ili pakati mumaona anthu akutembenuka kuyang'ana mitambo cha ku Michiru.